Dontho Limodzi la Mafuta a Karafuu

Shufaa ankachapa yunifolomu yake kuseri kwa nyumba pamene anamva amayi ake akukuwa pa foni.

"Mwati khanda? Mwalipaka m'kamwa osasakaniza ndi chilichonse? Mayo ine! Thamangirani kuchipatala, ifenso tikubwera!"

Sopo anapulumuka m'manja mwake. Asanauzidwe n'komwe, mtima unali utamuuza kale kuti nkhaniyo inali yake.

Amayi ake, a Bi Raya, ankapanga mafuta a karafuu, timaluwa touma tonunkhira tija totchedwa makilovu, n'kumagulitsa m'timabotolo mumzinda wa Wete, pachilumba china cha ku Tanzania. Anali ndi bulogu yawo pa intaneti, ndipo polemba ankatambasula ngati akucheza ndi mlendo pakhonde. Ankafotokoza kuti mafutawo ndi aukali, kuti dontho limodzi lizisakanizidwa ndi supuni ya mafuta a kokonati, ndiponso kuti makanda asawayandikire. Zonsezo zinali zoona, koma owerenga ankasowa.

"Amayi inu, chimpukutu chonsechi angamalize ndani?" Shufaa anawaseka tsiku lina. "Masiku ano anthu amawerenga ndi chala, kungoti psiti, adutsa. Ndisiyireni ine."

Anamusiyiradi. Mtsikanayo anayamba kuponya timauthenga tatifupi pa masamba a mchezo, chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa. Malonda anayenda mpaka kumudzaza matama, moti kusukulu ankayenda ngati mwini fakitale. Kauthenga ka sabata imeneyo kankati: "M'kamwa mwavuta? Dontho limodzi, ululu kwatha!" Chenjezo lija analichotsa chifukwa linkatalikitsa uthenga ndi kuphimba chithunzi.

M'daladala, minibasi yopita kuchipatala, a Bi Raya anakhala manja ali pachifuwa. Shufaa anatulutsa foni n'kufufuta uthengawo. Koma anthu anali atautumiza kale m'magulu awo, ndipo kumeneko dzanja lake silikanafikako.

"Iwe Shufaa," amayi ake anayankhula osamuyang'ana, "unalembamo kuti ana ayi?"

Shufaa anapukusa mutu n'kuwerama.

"Ndakumva," anatero a Bi Raya.

Mantha anamugwira Shufaa. Nanga mwanayo akamwalira? Apolisi adzatenga ndani, iye kapena amayi ake? Anayesa kupemphera, koma mawu a pempherolo ankangosokonekera.

Mayi wa khandalo, a Mwanajuma, anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, mpango utagwera paphewa. Mayiyo anali wamng'ono, wosasiyana kwambiri ndi Shufaa. Mwana wawo ankalira mosasa mawu, milomo itatupa, nkhama zitayera. Akamuika kubere ankalikana n'kupotoloka.

"Achira," anatero namwino wamkulu wa m'chipindamo. "Mwayi wake sanameze ambiri. Koma kuyamwa kumuvuta kwa masiku angapo, tizimumwetsa ndi kasupuni. Ogulitsa mafuta aja ndinu?"

"Ndife," anayankha a Bi Raya motsitsa.

"Ayi, amayi sanalembe," Shufaa analowerera, misozi ikutsika. "Ndinalemba ndine. Iwo chenjezo anaika, ine ndinadula."

Anayembekeza kutukwanidwa, mwinanso pama, ndipo zikanamupepukira. Koma a Mwanajuma anangomuyang'ana ndi maso otopa.

"Mwanangayu akumera mano, wakhala akulira osaleka," anatero. "Ine sindine mbuli, mchemwali. Ndinawerenga zonse zimene unalemba. Sindinasiye ngakhale liwu limodzi."

Shufaa anatembenuka. Anatuluka n'kukakhala pabenchi m'khonde la chipatala, nkhope ili m'manja. Kulira kwa khanda lija kunkamvekabe kudutsa chitseko.

Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa munthu wosamudziwa: "Ndaona malonda anu pagulu lathu la amayi. Mnzanga wandigawira kabotolo kake. Kamwana kanga kakumera mano, ndikadonthezere kumwamba kapena kumunsi?"

 Shufaa anayamba kulemba yankho, koma anaona kuti ngakhale atalemba, mayiyo angachedwe kuwerenga. Anaimba. Foni inaitana, inaitananso, iye ataimirira.

"Halo?"

"Mayi, chonde musamudonthezere! Ikani botololo pansi kaye!" anakuwa Shufaa, mpaka odwala a pabenchi anatembenuka. "Mwaika? Zikomo. Tsopano musadule foni, mundimvere mpaka ndimalize. Nkhaniyi ndi yaitali."