Duvan Akukana Kuvula Juzi

Kunali m'mawa, dzuwa litangotuluka. Koma ku tauni ya Mayaguez kunali kutatentha kale.

Idalis anatsegula maso. Anayang'ana kudenga. Linali denga la kwawo. Anagwira mtsamiro. Unali mtsamiro wake, wophwatalala uja.

"Tafikadi," anatero chapansipansi.

Anali atafika dzulo lake madzulo pa ndege. Ankachokera kutali, ku Bogota, m'dziko la Colombia. Kumeneko anakhalako masabata ambiri. Iye, amayi ndi abambo, onse m'chipinda chimodzi cha hotela. Anapita kukatenga Duvan.

Duvan anali ndi zaka zinayi. Kale ankakhala kunyumba yosungirako ana. Tsopano anali mwana wa m'banja lino. Tsopano anali mlongo wake wa Idalis.

Idalis ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumuonetsa Duvan zonse za kwawo.

Ku Bogota kunkazizira. M'mawa kuzizira. Masana kuzizira. Kugona ndi masokosi, kudzuka ndi masokosi.

Lero Idalis anaponda pansi wopanda masokosi. Simenti inali yoziziritsa bwino. Anagwedeza zala za kumapazi. Kodi simenti imeneyi inali yabwino chonchi kale lonseli? Bwanji iye sankadziwa?

"Moni, simenti," anatero.

Anapita kukhitchini. Kapu yake inali pamalo pake. Inali yachikasu, yobenthuka pang'ono.

"Moni, kapu yanga."

Anakankha zenera. Zenera linatseguka. La kuhotela lija silinkatseguka.

"Moni, zenera."

Kubafa abambo ankaimba mokweza. Abambo sankatha kuimba. Koma kuno panalibe wogogoda khoma kuti asiye.

Idalis anathamangira kuchipinda cha Duvan.

Duvan anali atakhala pabedi. Anavala juzi yake yobiriwira. Inali juzi yaubweya, yochindikala. Anavala masokosi. Anavala nsapato. Pamphumi pake panali thukuta.

"Duvan, vula juzi. Kwatentha."

"Ayi, zikomo, achemwali," anayankha Duvan.

"Vula nsapato basi. Uponde simenti. Umve kukoma kwake."

"Ayi, zikomo, achemwali."

Duvan ankayankhula mwaulemu nthawi zonse. Koma ayi wake anali ayi.

Pakhomo panamveka mawu. "Odi! Alendo a ku Colombia adzuka?"

Anali azakhali a Nereida, alongo awo a abambo. Ndi amene ankasunga nyumba. Anabwera ndi buledi wotentha.

"Ndidalitseni, azakhali," anatero Idalis.

"Mulungu akudalitse, mwanawe. Waonda! Kumeneko kulibe nyemba?"

Kenako azakhali anaona Duvan. Anaika manja m'chiuno.

"Mayo ine! Efrain! Mwanayu mukufuna kumuphika? Apsa ngati mbatata ameneyu!"

Abambo anatuluka kubafa. "Anagona nayo, achemwali. Akukana kuvula."

"Akukana? Ana anayi ndalera ine. Bwera kuno, bambo wamng'ono."

Azakhali anagwira juzi ija. Anaikokera m'mwamba. Duvan anakuwa. Anapulumuka n'kulowa pansi pa tebulo. Anakumbatira juzi yake ndi manja onse awiri.

"Mlekeni, achemwali," anatero abambo.

"Ndamuleka," anayankha azakhali. Mawu awo anatsika. "Pepa, bambo wamng'ono. Azakhali ako ndi aphuma."

Amayi anagwada pafupi ndi tebulo. Anayang'ana pakhosi pa Duvan. Panali patafiira. Panali tizidzolo ting'onoting'ono.

"Ndi kutentha," anatero amayi. "Thupi lake lonse lanyowa ndi thukuta."

Abambo anakanda mutu. "Akakhala chonchi tsiku lonse, adwala. Likamalowa dzuwa asanavule, ndimuvula ndekha. Ngakhale alire."

"Dzana lomweli m'pamene wayamba kundigwira dzanja," anatero amayi. "Tikamukakamiza, atiopa."

Idalis anamva zonse. Sanafune kuti Duvan adwale. Sanafunenso kuti Duvan aziwaopa.

Analowa pansi pa tebulo. Anakhala pambali pa Duvan.

"Bwera," anatero. "Ndikuonetse chinthu."

Anamutengera pabalaza. Anayatsa fani. Fani inazungulira. Mphepo inaulutsa tsitsi la Idalis.

"Aaa!" anatero Idalis. "Moni, fani."

Duvan anatseka pakamwa ndi mkono wa juzi. Anabisala kuseri kwa mpando.

Idalis anadabwa. Ndani amathawa fani?

Anamutengera kukhitchini. Anatsegula filiji. Munali mafizesi a mango a m'timakapu. Azakhali ndi amene anapanga.

Idalis ananyambita yake. "Mmm! Moni, fizesi."

Duvan anaikhudza ndi chala. Anachotsa chala msangamsanga.

"Ayi, zikomo, achemwali."

Idalis anadabwanso. Ndani amakana fizesi?

Amayi anabwera ndi madzi ozizira. Duvan anakana. Anabwera ndi madzi ofunda. Duvan anamwa onse.

Idalis anakhala pakhonde. Anaganiza. Anaganizanso.

Mphepo, ayi. Fizesi, ayi. Simenti, ayi. Madzi ofunda, inde.

Duvan anabwera n'kukhala pambali pake. Ankapuma wefuwefu. Ankakanda pakhosi.

"Duvan, juziyi umaikonda kwambiri?"

"Imayabwa," anatero Duvan.

"Imayabwa? Nanga sukuvula bwanji?"

Duvan anayang'ana nsapato zake.  Idalis anadikira.

"Anti Omaira anatero," anayankha Duvan.

Idalis ankawadziwa Anti Omaira. Ndi amene ankasamalira Duvan kunyumba yosungirako ana. Anali ndi mawu ofatsa. Tsiku lotsazikana analira.

"Anati chiyani?"

Duvan anawerenga ndi zala zake.

"Wovula juzi amadwala. Woyenda wopanda nsapato amadwala. Wokhala pamphepo amadwala. Wonyowa ndi mvula amadwala kwambiri."

"Ukadwala umamwa mankhwala. Basi."

Duvan anapukusa mutu. "Mnzanga wina anadwala. Tsiku lopita kupaki anatsala. Wodwala amatsala."

Anayang'ana Idalis.

"Ndikadwala mundibweza."

 Idalis anakumbukira mvula ya ku Bogota. Inkalasa ngati singano. Tsiku lina iye ananyowa nayo. Anadwala chimfine.

"Anti Omaira sananame," anatero Idalis. "Ku Bogota zimatero. Koma kuno n'kwina. Mphepo ya kuno ndi ina. Mvula ya kuno ndi ina."

"Mvula ndi mvula," anatero Duvan.

Idalis anapita kwa amayi. Amayi ankachapa zovala za paulendo. Unali mulu waukulu. Idalis anawanong'oneza zonse.

Amayi anapukuta manja. Anabwera pakhonde. Anakhala pansi, maso awo molunjika ndi a Duvan.

"Duvan, mwanangu, tamvera. Ukadwala, ndikupatsa mankhwala. Ukachira, ukhala pano. Ukadwalanso, ukhala pano. Kwanu ndi kuno. Palibe wokubweza."

Duvan anamvetsera. Anagwedeza mutu. "Chabwino, amayi."

Koma juzi sanavule.

Masana anadya mpunga ndi nyemba. Panalinso nthochi zokazinga. Idalis anadya mbale ziwiri. Kodi nyemba za azakhali zinkakoma chonchi kale lonseli?

Duvan anangodya pang'ono. Anali wofooka. Masaya ake anafiira.

Abambo anayang'ana Duvan. Anayang'ana dzuwa. 

Kenako kunja kunada. Mitambo inatsika kuchokera kumapiri. Ku Mayaguez mvula imakonda kubwera masana.

Tho! Tho! Tho! padenga.

Kenako waaa!

Ana a m'nyumba zoyandikana anatuluka. Ankathamanga opanda nsapato. Ankakuwa ndi kuseka.

"Amayi, ndipite?" anafunsa Idalis.

Amayi anatchera khutu. Kunalibe mabingu. Kunalibe mphezi.

"Pita."

Idalis anadumphira pabwalo. Mvula inamunyowetsa mutu. Inamunyowetsa msana. Anayang'ana kumwamba n'kutsegula pakamwa.

"Moni, mvula!"

Duvan anaimirira pakhonde. Maso ake anali tong'o.

"Achemwali! Bwererani! Mudwala!"

"Sindidwala!"

"Mudwala! Amayi, auzeni!"

Abambo anatuluka m'nyumba. Anavula nsapato. Nawonso analowa m'mvula, ndi malaya omwe.

"Efrain, munthu wamkuluwe!" anakuwa azakhali. "Manyazi ulibe?"

"Ndinawasiya ku Bogota, achemwali!"

Duvan anayang'ana abambo. Anayang'ana Idalis. Palibe amene ankanjenjemera. Palibe amene ankatsokomola.

Idalis anapinda manja ake ngati kambale. Mvula inadzazamo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhonde.

"Ika chala," anatero.

"Ayi, zikomo, achemwali."

"Chala chimodzi chokha. Chala sichidwala."

Duvan anaganiza. Anatambasula chala chaching'ono. Anachiviika m'madzi muja.

Sanachichotse.

Anaviika chala chachiwiri. Anaviika dzanja lonse.

"Ndi ofunda," anatero.

"Ndinakuuza."

Duvan anasuzumira kumwamba. Anayang'ana uku ndi uku.

"Wawatenthetsa ndani?"

"Ndine," anayankha azakhali. "Ndinalawirira m'mamawa kukasonkha moto kumitambo."

Duvan anawayang'anitsitsa. "Mukunama, azakhali."

"Ee! Wayamba kale kundidziwa ameneyu!"

Duvan anatulutsa dzanja kunja kwa khonde. Mvula inagwera pachikhatho. Inanyowetsa mkono wa juzi. Duvan anabweza dzanja. Anayang'ana ponyowapo.

Anakhala pansi. Anavula nsapato imodzi. Anavula inzake. Anavula masokosi. Anaponda simenti.

Anagwedeza zala za kumapazi.

Onse anangomuyang'ana. Ngakhale azakhali.

Duvan anapita kwa amayi. Anakweza manja m'mwamba.

"Juzi inyowa," anatero.

Amayi anaikoka pang'onopang'ono. Mutu unakanirira pakhosi pa juzi. Kenako unatuluka. Tsitsi lonse linali njoo.

"Musataye," anatero Duvan.

"Sinditaya."

"Ndikadwala?"

"Ukhala pano."

Duvan anaima m'mphepete mwa khonde. Idalis anamugwira dzanja. Anatsika limodzi.

Mvula inamugwera pamapewa. Duvan anatsinzina. Anadikira kuzizira. Kuzizira sikunabwere.

Anatsegula diso limodzi. Anatsegula linzake.

"Achemwali, imabwera tsiku lililonse?"

"Masiku ambiri."

"Yofunda yomweyi?"

"Yomweyi."

Duvan anaponda m'chithaphwi. Phwa! Madzi anathovukira abambo. Duvan anaseka. Aka kanali koyamba kuti Idalis amumve akuseka mokweza.

Mvula inakata msanga. Dzuwa linatulukanso. Amayi anawapukuta onse awiri ndi thaulo limodzi. Anamupaka Duvan mankhwala pakhosi. Anamuveka malaya opepuka.

Duvan anayetsemula. Etsi!

Anaima njii. Anayang'ana amayi.

Amayi anamupukuta mphuno. "Pita ukasewere," anatero.

Duvan anadikira pang'ono. Panalibe china. Anathamangira kwa Idalis.

Amayi anapinda juzi ija. Anakaiika pashelefu ya m'munsi, pamene Duvan angafikire. Kenako anabwerera ku mulu wa zovala, n'kupitiriza kuchapa.