Mayina m'Bokosi la Hilda

Madzulo amenewo Hilda anali pakhomo pake akudula nthochi tizidutswa topyapyala, nkhuku zikulimbirana makoko kumapazi kwake. Kuseri kwa khitchini kunali chinthu chimene mudzi wonse unali utayamba kuchiyang'ana cham'mbali: bokosi lakuda, lalitali ngati munthu wogona, loima pa miyendo inayi ya nsungwi.

Analikhoma yekha. Namondwe wa chaka chathacho anasiya malata ali mbwee m'tchire, ndipo iye anatola awiri n'kuwapaka utoto wakuda wotsala pa bwato la malemu mwamuna wake. Magalasi a zenera anadzawapeza kwa ine, amene ndimagula kokonati wouma pachilumba chathucho. Anabwera ndi nkhuku ziwiri, tinanenerera mpaka masana, ndipo anabwerera ndi magalasiwo komanso nkhuku imodzi. Pansi pa bokosilo anasiya mpata wolowera mpweya, pamwamba anaika paipi yotulutsira chinyezi, m'kati anasanja mathireyi a nsungwi oyalidwa neti ya udzudzu. Miyendo anaiviika m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Dzuwa likawomba galasi, malata ankatentha, ndipo pakatha masiku atatu nthochi zinkatuluka zolimba, zotsekemera, zokhala miyezi osaola. Ankati namondwe wina akadzagwetsa minda, iye sadzaimanso pagombe kudikira mpunga wa boma.

Milandu yake inali iwiri, ndipo yonse sanaipalamule. Anabadwira ku chilumba cha Ambrym, kumene anthu a zilumba zina amati mfiti zake zimachotsa munthu matumbo n'kusokerera masamba m'mimba. Komanso mwamuna wake anamusiyira munda wa dothi lakuda m'mbali mwa phiri, munda umene mlamu wake Kalmet ankauwerengera kuti ndi wake kuyambira tsiku la maliro.

Chimene chinamugwetsa ndi mtima wabwino. Amayi oyandikana naye atalawa nthochi zija, anayamba kubwera ndi zawo, ena mango, ena chinangwa. Pofuna kupewa mkangano, Hilda ankalemba ndi khala dzina la mwini munda m'mphepete mwa thireyi iliyonse. Kwathu munthu sasiya chotsala cha chakudya chake poyera. Khoko la nthochi umaliponya pamoto kapena m'nyanja, chifukwa mfiti ikatola chimene wadyako yakutola iweyo. Koma anthu omwewo, oopa kusiya khoko limodzi panjira, ankasenza mikoko yathunthu kupita nayo kwa mkazi wa ku Ambrym, n'kumamuthandiza kutchula bwino mayina awo. Chaulere chimatseka maso.

Woyamba kudwala anali Leipakoa, mayi wojintcha amene ankati akaseka benchi ya m'tchalitchi inkagwedezeka. Anayamba kumwa madzi osakhuta, thupi likutha, mikono ikusanduka ndodo. Namwino wa pachipatala chaching'ono anati ndi matenda a shuga. Anthu anavomera ndi mitu, koma shuga ndi chinthu chimene amachidziwa cha mu tiyi. Leipakoa anamwalira mango asanathe m'mitengo.

Kenako Kalorib, msodzi, anayamba kutsokomola. Pofika nthawi yokumba zilazi anali atapita. Amene ananyamula bokosi lake la maliro anabwerako kumanda akunong'onezana kuti linali lopepuka ngati mulibe munthu. Wina anakumbukira kuti mkazi wa Kalorib anapititsa mango kwa Hilda, ndipo pathireyi panalembedwa dzina la mwamunayo.

Kuchokera pamenepo bokosi la Hilda lija linayamba kumveka. Dzuwa likamalowa, malata akamazizira, linkalira: te, te, te, ngati zikhadabo zikugogoda kuchokera m'kati. Linkalira choncho chikhomereni, koma makutu anali atangotseguka kumene. Fungo lotsekemera lija, limene ana ankalitsata, tsopano linkawakumbutsa anthu fungo la m'nyumba ya maliro. Amayi anasiya kudutsa njira ya kwa Hilda. Zipatso zawo anazisiya momwemo. Panalibe wofuna kukazitenga, panalibenso wofuna kuzitchula.

Nkhani inakulira pabwalo lomwera kava, chakumwa chathu cha mizu, pamene mwamuna sakweza mawu. Bodza lonenedwa monong'ona limamveka ngati nzeru. Kalmet ankangomwa chikho chake, kulavula cham'mbali, n'kufunsa motsitsa kuti kodi nthochi ikalowa m'bokosimo imatuluka yotani. Wina ankayankha kuti yofota. Nanga Leipakoa? Nanga Kalorib? Iye sankamaliza. Ankasiya amuna amalize okha.

Loweruka m'mawa anapita onse kwa Hilda, Kalmet patsogolo ndi botolo la parafini. Hilda anawapeza atazungulira bokosilo, aliyense ataima potalikira ndithu. Anafotokoza za dzuwa, za mpweya wotentha umene umakwera m'mwamba, za namondwe amene adzabwerenso. Palibe anamva. Atatopa, anatsegula chitseko cha bokosilo n'kupatuka.

"Yatsani, alamu," anatero. "Koma thireyi yachitatuyo ndi ya akazi anu."

Kalmet anayang'ana. Dzina la mkazi wake linali pomwepo, lakuda bii, chinangwa chake chitapiringizika pa neti. Pamwamba pake panali la mkulu wa mpingo. Pansi, la mphunzitsi. Munthu aliyense pagululo anali ndi wake m'menemo.

"Osayatsa," ananong'ona mayi wina. "Ngati dzuwa lokha likutipha chonchi, nanga moto?"

"Ndiye afafanize mayinawo," anatero bambo wina.

"Ayi, asagwirenso dzina langa ameneyo," anakana mayi uja.

"Fafanizani nokha," anatero Hilda. "Madzi ali m'chitinimo."

Panalibe anasuntha. Anaima pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, parafini akununkha m'manja mwa Kalmet. Mapeto ake anagwirizana chosavuta: bokosi likhale, mkazi achoke. Anamanga masamba awiri a namele, chomera chonga kanjedza, mopingasa pamtengo wapafupi, chizindikiro choti pasafike munthu, ndipo Lachiwiri Hilda anakwera sitima ya ku Vila, likulu la dziko, ndi mphasa imodzi, mpeni ndi mapoto awiri. Sabata isanathe, Kalmet anali akubzala kava m'munda uja.

Panapita miyezi iwiri ya bata. Ndiye tsiku lina masana mphepo inabwera kuchokera kuphiri, itanyamula fungo lotsekemera, latsopano.

Amuna anayi anapita kukasuzumira pagalasi, manja ali kumbuyo. Zipatso zakale zinali momwemo, zakuda. Koma pathireyi ya pamwamba, imene Hilda anaisiya yopanda kanthu, panali nthochi zodulidwa kumene, zikadali zoyera. Mkoko wake unapezeka wadulidwa m'munda womwe uja wa m'mbali mwa phiri. M'mphepete mwa thireyiyo munali dzina la Kalmet. Hilda ankalemba zilembo zozungulira za kusukulu ya mishoni. Izi zinali zokhotakhota, zodinda, ngati za munthu wolemba ndi dzanja lamanzere kuti asadziwike. Masamba a namele anali chimangidwire.

Ena ankati ndi mkazi wa Kalorib. Ena ankati Hilda amauluka ngati mleme kuchokera ku Vila. Panalinso ena amene ankayang'ana cham'mbali mkazi wa Kalmet yemwe. Kalmet anasiya kudya. Chilichonse chinkamununkhira nthochi. Lamba wake anaboolanso kawiri.

Kalmetyo ndi amene anandituma. Anandipatsa nkhumba ya mano opindika ndi mphasa zofiira kuti ndikapepese, ndikamuuze Hilda abwerere, atenge munda wake, achotse dzinalo. Ndinamupeza pamsika wa ku Vila atakhala pansi pa tebulo la mayi wina, akugulitsa nthochi zouma m'timapepala. Anali atakhomanso bokosi lina kuseri kwa chipinda chimene ankagonamo. Anamvetsera uthenga wonse akuthamangitsa ntchentche.

"Mukawauze alamu anga atsegule chitseko, apukute ndi nsanza yonyowa. Ndi khala chabe."

Ndinamuuza kuti Kalmet sangathe, ndipo ndinayesa kunenerera monga ndimachitira: munda wonse, nyumba yokhomedwanso malata, kupepesa pamaso pa mpingo. Pa moyo wanga sindinaperekepo mtengo wabwino chotero n'kukanidwa.

"Ndikabwera iwo n'kuchira, ndine mfiti yodziwa kumasula," anatero. "Akafa, ndine mfiti yopha. Kunoko ndine mayi wogulitsa nthochi. Mphasazo mubwerere nazo. Nkhumbayo isiyeni."

Ndinafikitsa yankholo monga linalili. Kalmet analimva ali chogona, maso atalowa m'kati. M'mawa mwake anadzuka, anaviika nsanza m'madzi, n'kukwera pang'onopang'ono njira ya kwa Hilda, imene tsopano inali itamera udzu. Anafika pa masamba a namele n'kuima. Malata anali atayamba kutentha, ndipo bokosi linalira kamodzi.

Amapitabe m'mawa uliwonse, akuonderaonderabe. Amaima pamalo omwewo, mapazi asanu kuchokera pachitseko, mpaka nsanzayo itaumira m'manja mwake.