Chimodzi Chimatsala M'khosi

Tahiru Mkwanda analonjeza ali chiimire pakhonde la nyumba ya siwa ku Ntaja, yunifolomu ili m'thupi, chipewa chili m'khwapa. Mwamuna amene ankaikidwa tsiku limenelo anagwidwa ndi iyeyo, ndipo anafera m'ndende ndi chifuwa. Mlandu unali woona, umboni unali wokwana, koma Maliyamu, mkazi wa malemuyo, sanafunse za umboni. Anangoloza kamtsikana kamene kankaseweretsa zitsekero za mabotolo pansi, n'kunena kuti ndi kokhako kamene amusiyira.

"Pakamwa panga sipadzatulukanso mawu otsekeretsa munthu wa m'nyumba muno," anatero Tahiru. "Mulungu akundimva."

Kamtsikanako kanali Jamila.

Zaka zinadutsa monga zimadutsira kwathu, zikudya nsapato ndi mano. Tahiru anasiya upolisi, n'kukapezeka ku Doha akulondera nsanjika yagalasi ku West Bay. Munthu amene kale ankati akalowa pamsika mbava zonse n'kukumbukira kuti zasiya moto kunyumba, tsopano ankatsegulira zitseko anthu osamuona n'komwe. Chimene chinamutsalira chinali chimodzi: Mmalawi akagwa m'mlandu, apolisi a kuno ankamuitana kuti akamasulire.

Anamuitana Loweruka, dzuwa litangopendeka, ku nyumba ina yampanda wautali ku Al Hilal. Kaputeni Hamad, wandevu zaimvi, munthu wosapupuluma, anamulandira pageti n'kumutsogolera kuseri kwa galaja, kuchipinda cha dalaivala.

Shaibu, dalaivalayo, anali chikhalire pansi, msana utatsamira khoma, maso ali pachitseko ngati akudikira mlendo. Bowo linali limodzi, pachifuwa chakumanzere. Makina oziziritsa mpweya ankalira chilirire. Pabedi panali bokosi lakuda lotsegula, kansalu, kabotolo ka mafuta, ndi magazini ya zipolopolo ili payokha papilo. Mfuti inali pansi pafupi ndi chitseko, yaing'ono, yatsopano, yosakandika ngakhale pang'ono.

Tahiru ankamudziwa Shaibu. Ndi Shaibu yemweyo amene anamupezera Jamila ntchito m'nyumba imeneyi, Tahiru atamupempha, n'kumuuzanso kuti azimuyang'anira ngati mlongo wake. Tahiru anaima pamenepo kudikira kuti amve kanthu mumtima. Sanamve kanthu. Anangoona kuti patapata imodzi ya malemuyo yagadabuka.

Mwini mfuti, a Nasser, anafunsidwa m'majilisi, chipinda chachikulu cha alendo. Anali bambo wonenepa bwino, wamanja ofewa. Anatulutsa chiphaso cha mfutiyo asanafunsidwe. Anati yangotha mwezi chiigulireni, ndipo ndi yoyamba m'moyo wawo. Kaputeni anangofunsa mtundu wake, koma bamboyo atayamba kufotokoza anaiwala kuti kuseri kuli maliro. Anasimba za fungo la bokosi tsiku lolitsegula, za kupepuka kwake m'manja, kuti tiriga yake, kachitsulo kokoka ndi chala, imayamba mofewa kenako n'kuduka ngati bisiketi, kuti ulendo woyamba kumalo oombera zipolopolo zonse zinkagwera pansi kumanzere mpaka mphunzitsi anawauza kuti vuto si mfuti koma mantha awo. Anati siikankha kwambiri, imangodumpha. Atafika apo anakumbuka, nkhope n'kugwa.

Anavomera kuti Shaibu ndiye ankawaperekeza, kuti ankamulola kuombako, ndiponso kuti akabwerako ankamusiyira kuti aipukute iwo akapita kokagona. M'mawa wa tsiku limeneli anachitanso zomwezo. Anati anali ataphunzitsa nyumba yonse, ngakhale antchito akukhitchini, zimene mphunzitsi anawauza: kuti kuchotsa magazini sikutanthauza kuti mfuti ilibe kanthu, chipolopolo chimodzi chimatha kutsala m'khosi mwake. Ankazinena patebulo, ankazinena m'galimoto, mpaka madamu, akazi awo, anatopa nazo.

Poyamba zinaoneka ngati Shaibu wadziombera yekha popukuta. Koma dokotala anati malaya sanapse, mfutiyo inaombedwa ili chapatali. Apo maso onse anatembenukira kwa Amidu, mlonda wapageti, amene anapeza mtembo, n'kutola mfutiyo ndi manja ake asanaibwezere pamene inali.

Amidu anali msilikali kale kwathu. Analowa m'majilisi atavula nsapato, n'kukhala kunsonga kwa mpando. Kaputeni anamuonetsa foni. Pagulu la pafoni la Amalawi a ku Doha, Shaibu anali ataikapo chithunzi chake atagwira mfutiyo, n'kulemba kuti katundu wake wafika. Amidu anayankha pomwepo kuti mfuti ya dalaivala ndi sipanala, ndipo kuti galu wa bwana naye amaganiza kuti galimoto ndi yake. Anthu anaseka. Shaibu analemba kuti adzaonana. Amidu analemba kuti adzaonanadi.

"Akuluakulu, auzeni kuti zinali zocheza," Amidu anauza Tahiru. "Inu mukutidziwa mmene timanyozerana. Ndinaitola chifukwa msilikali sasiya mfuti pansi, ndi chizolowezi basi. Ndili ndi ana kumudzi, wallahi, ndikulumbira."

Tahiru anamasulira mawu ndi mawu. Mlembi wa Kaputeni analemba. Apolisi anamutengera Amidu kugalimoto yawo, n'kumusiya m'menemo chitseko chili chotseka.

Panali patatentha, ndipo Tahiru anapita kukhitchini kukapempha madzi. Anamupeza Jamila ataima pasinki, atafunda mpango waukulu wotsika mpaka m'chiuno. Madamu anali atanena kale kuti mtsikanayo anali pamwamba kusita masana onse. Jamila anali atakula, wamtali ngati bambo ake. Tahiru ankamuona mwa apo ndi apo, tsiku la ofu, n'kumamufunsa ngati akudya bwino ndiponso ngati akuimbira mayi ake.

"Ankolo," anatero Jamila, n'kutsika pang'ono m'maondo monga analeredwera. Anatunga madzi m'tambula, n'kumupatsa ndi dzanja lamanzere.

Tahiru anayang'ana tambulayo. Mwana wa Maliyamu akanalola kuthyoka mkono kusiyana n'kupatsa wamkulu chinthu ndi lamanzere. Lamanja linali m'kati mwa mpango. Tahiru analandira, anamwa madzi onse, anathokoza, n'kutuluka osafunsa kanthu. Panja anadutsa pafupi ndi galimoto ya polisi osayang'ana m'kati.

Kaputeni ankamudikira ndi chithunzi pafoni. Kumbuyo kwa silaidi, chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, kunali timizere tiwiri ta magazi ouma. Kaputeni anati mfuti zamtunduwu zimaluma munthu woigwira koyamba, amene wakweza dzanja kwambiri. Silaidi imamucheka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. A Nasser anatambasula dzanja lawo n'kuonetsa zipsera ziwiri zopola za tsiku lawo loyamba. Manja a Shaibu analibe bala. Manja a Amidu nawonso analibe bala, ndipo msilikali sakanalumidwa motero.

"Manja amene sitinawaone ndi a yani?" anafunsa Kaputeni.

Ankafunsa Tahiru, koma Tahiru ankayang'ana kapeti. Kaputeni anadikira pang'ono, kenako anatuma wapolisi wamkazi kukhitchini.

Jamila anakana mpando, n'kukhala pansi miyendo atapinda. Wapolisi wamkaziyo anamasula kansalu kamene kanali kudzanja. Mabala anali awiri, oyandikana, ngati njanji. M'chipindamo munali Kaputeni, mlembi, wapolisi wamkazi ndi Tahiru. Womva Chichewa anali Tahiru yekha, ndipo cholembedwa chinali chokhacho chimene iye akanachinena m'Chingerezi.

"Mwanawe," anatero Tahiru motsitsa, ngati akumufotokozera za ufulu wake, "lankhula pang'onopang'ono. Unene zokhazo zimene ukufuna kuti zilembedwe."

Jamila anagwedeza mutu, n'kuyamba. Anati Shaibu anayamba kalekale kumuvutitsa, koma kale ankatha kumukana, n'kuthera m'mawu. Zinasintha mfuti itabwera. Bwana ndi madamu akagona masana, Shaibu ankamuitana kuti abweretse tiyi kuchipinda kwake. Sanamulozepo nayo. Ankangoiika papilo, n'kutseka chitseko. Ankamukumbutsa kuti mtsikana wopezeka m'chipinda cha mwamuna m'dziko lino ndiye amayamba kufunsidwa, ndiponso kuti amene anamulowetsa ntchito ndi yemwe angamutulutse.

Tahiru anamasulira. Mawu ake ankatuluka osalala ngati akuwerenga malamulo a lifiti. Kenako anafunsa funso limene Kaputeni sanamutume, loti n'chifukwa chiyani sanamuuze.

"Munandipereka kwa iwo ndinu, ankolo," anatero Jamila, mopanda mkwiyo. "Ndipo inu mumangofunsa ngati ndikudya."

Kaputeni anafuna kudziwa chimene chanenedwa. Tahiru anati ndi za pachibale, ndipo Kaputeni anazisiya.

Za tsikulo Jamila anati Shaibu anali wokondwa, chifukwa anali ataomba bwino kuposa bwana. Anamuonetsa mmene imagwirira ntchito. Analowetsa magazini, anakoka silaidi kuti amve kulira kwake, anachotsa magaziniyo n'kuiponya papilo. Atamuona akulira, anaseka, n'kumuika mfutiyo m'manja. Anati ilibe kanthu, ngati wakwiya amuombere mtima uphwe, akatero abwere. Anabwerera kukhoma n'kutambasula manja.

"Ndinkaganiza kuti ilemera," anatero Jamila. "Siilemera. Ili ngati ayironi yopanda madzi. Ndinkaganizanso kuti pafunika mphamvu. Ndinangopinda chala, iyo n'kudumpha, n'kundiluma. Makutu anatseka. Ndinaona chigoba cha chipolopolo chikugudubuzika kulowa pansi pa bedi, ndipo ndinkaganiza zoti ndidzafunika kusesako."

Tahiru anamasulira zonsezo. Mlembi analemba, ndipo Kaputeni anapumira m'mwamba. Anauza wapolisi wamkazi kuti akamutulutse Amidu m'galimoto. Anayang'ana Jamila ndi maso a munthu amene ali ndi ana aakazi, n'kunena kuti ngati zili choncho, ndiye kuti mtsikanayu anakhulupirira zimene anauzidwa, kuti mfutiyo ilibe kanthu. Khoti limasiyanitsa ngozi yotere ndi kupha mwadala, ndipo kusiyana kwake ndi moyo wathunthu. Anatseka cholembera chake. Anapempha Tahiru kuti amufotokozere zimenezo.

Tahiru anamufotokozera bwinobwino, kawiri, ndipo anawonjezera kuti basi, zakwana, asanenenso kanthu.

Jamila anayang'ana dzanja lake.

"Koma ndinkadziwa, ankolo," anatero. "Ndinawaona akukoka silaidi asanachotse magazini. Bwana amanena tsiku lililonse kuti chimodzi chimatsala m'khosi. A Shaibu anaiwala. Ine sindinaiwale. Ndinaloza bwinobwino."

Makina oziziritsa mpweya ankalira. Panja pankamveka mawu a Amidu akuthokoza Mulungu, akuthokoza wapolisi, akuthokoza aliyense amene ankadutsa. Tahiru anakumbukira khonde la ku Ntaja ndi zitsekero za mabotolo zija. Anaonanso patapata yogadabuka kuseri kwa galaja. Zonsezo zinali kutali mofanana, ngati magetsi a mzinda wina.

Kaputeni Hamad anali ataimirira kale, makiyi ali m'manja. Anatembenuka pang'ono.

"Wawonjezera chiyani?" anafunsa.

Jamila sankamuyang'ana Tahiru, ndipo sanamupemphe kanthu. Mlembi anatsegulanso cholembera. Tahiru Mkwanda anakonza kukhosi, n'kumasulira zonse, mawu ndi mawu, osasiyako ngakhale amodzi.