Mayi wa M'ngalande ya ku Sunnyside

Tsikulo linatha ngati masiku ena onse. Antchito anatsuka mafosholo, n'kuunjika mapiki m'shedi ya malata, aliyense n'kulowera kwawo. Anatsala ndi a Lucius Namakhwa okha, chifukwa kuyatsa nyali inali ntchito ya kapitawo.

Munali mu 1957, nthawi ya Chitaganya, Blantyre yense ali maenjemaenje. A Lucius ndi gulu lawo ankakumba ngalande ya mapaipi a madzi kuchokera ku Sunnyside kulowera cha ku Nancholi, kumene iwo ankakhala. Dzuwa likamalowa, ankayenda m'mbali mwa ngalandeyo akuyatsa nyali zofiira za palafini, imodziimodzi, kuti wapanjinga asagweremo. Bambo ameneyu anali wosalankhulalankhula, Mkatolika wa korona m'thumba, ndipo amene ankamudziwa amati sananamizepo munthu ngakhale mocheza.

Koma madzulo amenewo mtima wawo sunali m'malo, chifukwa cha zimene zinachitika masana.

Piki ya mkulu wina wokumba, dzina lake Nasoro, inagunda chigaza cha munthu. Ntchito inaima. Mzungu woyang'anira ntchito anatumiza mawu, ndipo kunabwera mzungu wina wokonda zakale, atanyamula kaburashi ndi bokosi la matabwa. Anagwada m'ngalandemo maola atatu akusesa dothi pang'onopang'ono ngati wosankha mpunga, a Lucius akumasulirira anzawo zimene ankanena.

Anati mwini mafupawo anali mayi. Wamfupi ngati mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, koma wamkulu ndithu, mano ake ndiwo anasonyeza. Anagona pamenepo zaka zikwizikwi, kusanabwere khasu lachitsulo, nthawi ya anthu aafupi aja akuluakulu amawatcha Akafula. Anamugoneka chammbali, mawondo atapinda, manja ali pachifuwa. Mkono wamanzere unathyokapo kalekale n'kulumikizana bwinobwino, kusonyeza kuti panali anthu amene anamudyetsa ndi kumusamala kufikira atachira. M'khosi munali mikanda ya zigoba, ndipo thupi lonse analiwaza dothi lofiira. Kenako mzunguyo anawaonetsa kamwala kakuthwa, kakang'ono ngati chikhadabo, katakanirira pakati pa nthiti. Inali nsonga ya muvi. Anapeza tina tiwiri, ndipo tonse titatu tinalowera kumsana.

"Ankathawa," anatero mzunguyo. "Womupha anamupha mwankhanza. Koma wina anatsala, ndipo anamuika mwachikondi."

Ananyamuka kupita ku galimoto yake kukalemba chikalata, n'kuuza antchito kuti alongedze mafupawo m'bokosi. Apa mpamene panalakwika. A Lucius atanyamula nthiti, pansi pake panaonekera kachigaza kena, kopyapyala ngati chikamba cha dzira. Khanda, losamera ndi dzino lomwe.

Mayiyo sankathawa ayi. Anawerama pamwamba pa mwana wake, n'kupereka msana.

Tsono kwathu kuno maliro a khanda lotere ndi a amayi okha. Mwamuna sagwira, sayang'ana n'komwe. Nasoro anatembenuza nkhope, n'kukankhira dothi ndi phazi pa timafupato, maso ali kwa kapitawo. A Lucius anavomera ndi mutu. Palibe anauza mzungu. Ankati akuchita ulemu, ndipo ulemu unalidi. Chimene sanaganize ndi ichi: mayi anali m'bokosi lokhoma m'shedi, m'mawa lole imutengere ku siteshoni ya Limbe akakwere sitima ya ku Halale, mwana anali m'ngalande, ndipo m'mawa womwewo pamalopo ankathirapo konkire.

A Lucius anayatsa nyali yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Chisisira chinagwa. Ku nyumba za azungu agalu ankauwa monga mwa masiku onse, kenako onse analeka nthawi imodzi. Zii.

Atayatsa nyali yomaliza anatembenuka kuti azibwerera. Kutali, cha ku shedi, nyali imodzi inazilala, n'kuyakanso. Kenako yotsatira. Kenako yotsatiranso. Mphepo kunalibe.

Munthu ankabwera m'mbali mwa ngalande.

Anayamba aganiza kuti ndi mwana wotumidwa kugolosale. Koma mwana sayenda choncho. Uyu ankayenda masitepe angapo, n'kuima, n'kusuzumira m'ngalande. Kuyendanso, kuima, kusuzumira. Akafika pa nyali, lawi linkagona pansi ngati likumupatsa njira.

A Lucius anapisa dzanja m'thumba n'kugwira korona. Anaima pomwepo.

Anafika pafupi, pafupi kwambiri moti akanatha kumukhudza ndi fosholo. Mutu wake unkalekeza pachifuwa pawo. Thupi lake linali lofiira ngati katondo, m'khosi muli mikanda yoyera. Manja anawapinda pachifuwa monga amachitira mayi wonyamula khanda, koma m'manjamo munalibe kanthu. Ankanunkhira utsi ndi mkaka wa m'mawere.

"Mayi," anatero a Lucius, mawu akuchita kutulukira m'mphuno, "mukufuna chiyani?"

Anawayang'ana. Sanali maso aukali ayi, ndipo iwo amati bola akanakhala aukali. Analankhula timawu tochepa, lilime likuthetheka m'kamwa, chilankhulo chimene iwo sanachimvepo, ngakhale ankadziwa Chinyanja, Chilomwe, Chiyao ndi Chingerezi cha pantchito. Kenako anatambasula manja opanda kanthuwo kuti awaone. Pamenepo sipanafunike womasulira.

Anawadutsa. Kumsana kwake kunali timitengo titatu, tikugwedezeka akamayenda. Sanatilabadire. Anapitiriza kusuzumira. Ngalande inali yaitali, yofanana paliponse, ndipo malo a mwana wake anali atawadutsa kale osadziwa.

Mantha anali nawo a Lucius, tisanamizane. Koma chimene chinawakulira chinali manyazi. Munthu wamng'ono chonchija, mivi itatu kumsana, zaka zikwizikwi osamutaya mwana m'manja, ndiye abwere iwo ndi fosholo yawo adzawalekanitse tsiku limodzi! Anakumbuka mayi awo owabereka, amene anawoloka nawo mtsinje wa Ruo ali kumbuyo, madzi ali m'khosi, pothawa thangata la Apwitikizi. Mako ndi mako angachepe mwendo.

Anathamanga mpaka ku Nancholi, chipewa n'kutaya panjira.

Akazi awo, a Salome, anali mayi wamkamwa mwachangu, wa m'gulu la amayi a kutchalitchi amene amasambitsa maliro. Anamvetsera nkhani yonse ali chiimire, manja m'chiuno.

"Amuna inu," anatero. "Mwambo munaukumbuka, koma mwini mwanayo munamuiwala."

A Lucius anafotokoza maganizo awo: atsegule shedi, amutulutse mayiyo m'bokosi, amubwezere kwa mwana wake kusanache. Iwo akhoza kukumba, koma khandalo sangaligwire. A Salome sanawabisire mawu. Anati bokosilo ndi la boma, ntchito ithera pomwepo. Anatinso munthu wopezeka usiku ndi mafupa a anthu ali ndi dzina limodzi lokha pa Nancholi, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. A Lucius anati zonsezo akuzidziwa. Pamenepo a Salome anatsegula sutukesi n'kutulutsa nsalu yawo yatsopano imene ankasungira Khirisimasi.

Atafika, nyali zonse zinali zikuyaka bwinobwino. Sanaone munthu. Koma agalu anali chikhalire chete.

A Lucius anatsikira m'ngalande n'kukumba kachipinda m'khoma mwake, monga amakumbira adzukulu kumanda, kolowera mkati ndithu kuti konkire isakafikeko. Dothi linali louma gwaa, ndipo ankamenya piki mwapang'onopang'ono kuopa kudzutsa alonda a ku Sunnyside. Tambala woyamba analira asanamalize. Anakatenga bokosi lija m'shedi, analitsitsira m'ngalande, n'kulikanula ndi nsonga ya piki, n'kuloza pamene Nasoro anakwirira. Kenako anakwera pamwamba, anaika nyali pamphepete, n'kufulatira monga mwambo unenera.

Anaima choncho, akuyang'ana phiri la Soche, akupemphera korona. Kumbuyo kwawo ankamva a Salome akusesa dothi ndi manja, akung'ung'udza nyimbo yogonekera mwana. Nthawi ina anawamva akuti, "Zikomo." Patapita kanthawi, "Eya, kameneko." Anaganiza kuti akulankhula ndi malemuwo, monga amachitira amayi osambitsa maliro. Sanacheuke.

Kum'mawa kutayamba kufiira, a Salome anati zatheka. A Lucius anatsika, anatseka kachipindako ndi miyala, anamata dothi, n'kusalaza ndi fosholo mpaka khoma lonse linafanana. Akanafulumira pang'ono akanathawa. Koma anali munthu wosasiya ntchito panjira, ndipo kunawachera ali momwemo.

Anzawo a pantchito anawapeza choncho: mwamuna ndi mkazi wake m'ngalande, matope mpaka m'zigongono, bokosi la boma lili kukamwa yasa. Antchito anaima patali. Ena anachita chizindikiro cha mtanda. Nasoro yekha anavula chipewa.

Mzungu woyang'anira ntchito anafiira ngati phwetekere. Anafunsa katatu kuti mafupa ali kuti. A Lucius, amene sankadziwa kunama, sananame.

"Ali kwawo, bwana. Malo ake sindinena."

Lole ya mchenga ndi simenti inali itafika kale, ndipo mzunguyo analibe nthawi yofukula ngalande yonse chifukwa cha mafupa. Analanda makiyi, n'kuwauza a Lucius kuti asadzapondenso pantchitopo. Konkire inathiridwa dzuwa lisanafike pamutu. Wokonda zakale uja anafika mochedwa, ndipo akuti anakhala pa bokosi lopanda kanthulo atagwira tsaya.

Mbiri inafika ku Nancholi eni ake asanafike. Pachitsime amayi analeka kucheza a Salome akudutsa. Ana anaitanidwa kulowa m'nyumba. Pofika madzulo nkhani inali itakula: akuti anawapeza ali maliseche, akuti anali ndi lichero. Zaka khumi ndi zisanu za ukapitawo zinathera pomwepo, ndipo zinawapweteka kwambiri a Lucius, pakuti dzina labwino ndicho chuma chokha chimene anali nacho.

Madzulo amenewo anakhala pakhonde awiriwiri, opanda wobwera kudzawazonda. A Salome ankachotsa dothi lofiira m'zikhadabo ndi kamtengo. Anati asadandaule, mwanayo analowa m'manja mwa mayi ake ndendende, ngati sanachokemo. Kenako anawaseka pang'ono.

"Koma inu ndi mwambo wanuwo. Munachita kufulatira ngati munthu, kenako n'kutsika mwakachetechete kudzandipatsira timafupa mumdima. Manja anu anazizira bwanji!"

A Lucius anawayang'ana.

"Ine sindinatsike, Salome. Sindinacheuke n'komwe."

Kamtengo kanagwa pansi. A Salome anayang'ana zikhato zawo. Kenako anayamba kufotokoza motsitsa mawu. Nyali sinkafika pansi pa ngalande, tizala ta khandalo tinali ngati njere za mpunga, ndipo iwo sakanatipeza okha. Dzanja linkangobwera kuchokera kumbali kwawo, kamodzikamodzi, fupa lililonse panthawi yake, osaphonya. Atalakwitsa kugoneka mkono wothyoka uja, dzanjalo linawakonzera. Tsopano poganiza bwino, linali dzanja lachimuna, lokhakhala, koma laling'ono kuposa lawo. Ndipo pomaliza, iwo atafunditsa nsalu, dzanjalo linatsalira pamwamba pa nsaluyo, likusisita, nthawi yaitali ndithu.

Nkhani imeneyi a Salome anauza mnzawo mmodzi yekha, ndiye mukudziwa, inafika khomo lililonse. Ena anapitiriza kunena kuti banja la a Namakhwa ndi la mfiti, mpaka linasamukira ku Limbe, kumene a Lucius anakalamba akukhoma zidebe pamsika. Koma amayi achikulire a ku Nancholi, amene anaikapo makanda awo ndi manja awo, ankanong'onezana zina. Ankati ameneyo anali bambo wa mwanayo, yemwe uja anatsala. Kalekale lija, pa maliro oyamba, analibe mkazi ndi mmodzi yemwe womuthandiza, onse ataphedwa, ndiye anaika yekha mkazi wake ndi khanda lake ndi manja ake, mwambo kapena popanda mwambo. N'chifukwa chake ankadziwa pogona fupa lililonse.