Mayina a m'nyimbo ya Ayuba

Sauda anali kuanula matemba pathandala, kuthamangitsana ndi mame, pamene mchimwene wake Ayuba ankatsitsa sola padenga ndi kulowetsa batire m'nyumba. Imeneyo inali ntchito ya madzulo onse pakhomo pawo, m'mudzi wathu uno wa m'mbali mwa Chilwa, kwa Mwambo. Makolo awo onse anali atatsogola. Sauda ankagulitsa nsomba. Ayuba ankapanga nyimbo pa laputopu yakale yothyoka ngodya, nyimbo zopanda woimba, za ng'oma zamakina, zimene achinyamata a m'tauni amavina mpaka thukuta kamukamu.

Luso anali nalo mnyamata uja. Chimene ankasowa ndi munthu womuuza zoona. Akamaliza nyimbo ankaiponya m'gulupu ya pafoni ya anzake opanga mabiti a ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo iwo ankangotumiza tizithunzi ta moto, osanena kanthu. Wina wowulutsa nyimbo m'malo ovinira anamuyankhapo kuti zake zikumveka ngati za ku Joni zobwereka, basi. Ife akuno tinkangomuseka kuti akuphika phokoso. Ayuba ankakhala pakhonde mahedifoni ali kumutu, kubwereza kachidutswa komweko, osadziwa ngati kali bwino kapena ayi.

Ndiye kunabwera uthenga wamawu kuchokera ku nambala yopanda chithunzi. Anali mawu a munthu wamkulu, olankhula mosathamanga. Munthuyo anamuuza kuti besi yake ikulimbana ndi ng'oma yaikulu, aitsitse, ndipo pakati pa nyimbo achotsepo zinthu kuti ovina apume. Ayuba anachita zimenezo, nyimbo ija n'kutseguka ngati nyumba yoti aitsegula mazenera. Anaisunga nambalayo ndi dzina loti Akulu. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene wapanga chinkayamba chapita kwa Akulu. Atamuuza kuti asamatumize nyimbo yomaliza yokha, azitumiza mafayilo onse kuti amuthandize kusakaniza, iye anatumiza foda yonse osasankha, monga amachitira aliyense amene wapeza mphunzitsi.

Tsiku lina Akulu anati nyimbo zake zakhwima, koma mulibe munthu. Anamuuza kuti apite kudooko akajambule mmene anthu akwawo amaitanirana dzuwa likamalowa, chifukwa zimenezo ku Joni kulibe. Ayuba anapita ndi foni yake. Anapeza Edina ataima m'matope akuitana mwamuna wake Gerishomo, msodzi, mokoka mawu kuti afike kumabango: "Abambo a Memoryiii." Anawajambula, anawadula, anawaika pamwamba pa ng'oma kuti azibwerezabwereza. Akulu anakondwera, koma anati mahedifoni amanama. Nyimbo imayesedwa pasipika, panja, chisisira chikagwa mphepo itatha, mwiniwake ataima patali.

Kuno kwathu mwana aliyense amakula akudziwa lamulo limodzi: dzuwa likalowa, ukamva dzina lako koma woitanayo sukumuona, usayankhe. Oitana nthawi imeneyo si onse ali ndi matupi. Ayuba ankalidziwa lamuloli, koma sanaganize kuti likukhudza sipika. Anaiika pachitsa kuyang'anitsa kunyanja, anaitsegula, n'kupita kukaima kumunda wa mpunga. Mawu a Edina anayenda pamwamba pa madzi. Edina mwini anali kuchigayo tsiku limenelo. Kutali m'mabango munamveka Gerishomo akuyankha mwaulesi, ngati munthu wozolowera kuitanidwa: "Eee, ndikubwera."

Anamupeza m'mawa asodzi anzake. Bwato silinagubuduke. Anali chikhalire, nsungwi yopondera ili pamiyendo, milamba ikadali kupuma m'bwatomo, iye kukamwa kuli yasa. Madzi sanamwe, bala analibe. Amene anamunyamula anati zovala zake zinali zouma, koma ankanunkha matope a pansi pa nyanja, fungo lija timalimva chaka chimene Chilwa yaphwa.

Ayuba atabwerako kumaliro anatsegula laputopu, ndipo m'nyimbo muja anapezamo mzere wa mawu umene iye sanaike. Anaudina kuti aumve. Anali Gerishomo. "Eee, ndikubwera." Mawuwo anagwera pang'oma ndendende, osafunika kuwasuntha. M'chipindamo munali fungo la matope. Foni inanjenjemera, Akulu n'kunena mawu ochepa: tsopano muli munthu.

Apa ndi pamene anayenera kulekera. Koma nyimbo ija inayenda. Anzake a m'gulupu, amene kale ankangoponya tizithunzi, anayamba kumufunsa kuti mawu amenewo wawatenga kuti. Inalira m'maminibasi a ku Zomba, inalira paukwati ku Kachulu. Ife tinaivina. Tinamuzindikira Gerishomo, tinayang'anana, koma tinadziuza kuti anamujambula akadali moyo, miyendo n'kumapitiriza. Edina yekha ndi amene ankatseka makutu ndi chitenje ikamadutsa njinga yamoto yoliza nyimboyo.

Ayuba naye anadzinamiza chimodzimodzi, kuti mwina foni inajambula yokha. Akulu atafuna nyimbo yachiwiri, iye anatenga mawu a mayi wina amene ankaitana mnzake Estere kumunda wa mpunga. Anaiyesanso pachitsa pomwe paja. Estere anali akuchokera kothyola nkhuni. Amene anali kumbuyo kwake anati anaima, anatembenuzira mutu kunyanja, anati "Wee," n'kukhala pansi mtolo ukadali pamutu. Sanadzukenso. Anasiya khanda loyamwa.

Mudzi unazizira. Ena ankati ndi a pachilumba cha Chisi akubwezera za maukonde, ena ankati ndi ndege za usiku zikutera kudambo. Dzina la Ayuba linkatchulidwa chapansipansi, koma palibe ankafuna kuyamba, poti tonse tinali titavina. Chimene chinatha ndi kuitana. Amayi analeka kukuwira ana awo, ankachita kuwalondola n'kuwakoka dzanja. Asodzi ankabwera okha popanda wowaitana. Chisisira chikagwa munkangomveka achule ndi udzudzu, ndi adhana yoitanira mapemphero kumzikiti, imene anthu ankaimvera ali chete ngati akuopa kuti nayo iwatchula.

Ayuba anaonda. Anali ataitanidwa kukaliza nyimbo zake ku Blantyre, chinthu chimene ankachilota kuyambira ali kusukulu, koma chakudya chinkamukanika. Ndiye Akulu anatumiza uthenga wina. Anati nyimbo yachitatu ndiyo idzamutulutse m'matope muno, ndipo mawu ake alipo kale. M'foda muja munali kavidiyo kakale ka pa Idi, mmene mayi awo, malemu Asiyatu, ankaitana mwana wawo wamkazi kuti abweretse mbale. Ayuba anamvetsera uthengawo kawirikawiri, ndipo ulendo uno anamva zimene zinali kumbuyo kwa mawu a Akulu. Achule. Achule athu omwewa, ndi belu lothyoka la njinga ya wogulitsa mandasi amene anali atangodutsa pakhomo pake.

Anafufuta zonse. Laputopu anaimanga m'thumba pamodzi ndi mwala n'kukaiponya pakuya. Pobwerera m'bwato ndi pamene anakumbukira kuti foda yonse anaitumiza kale.

Anamupeza Sauda akupala makumba. Anagwada pafupi naye, chinthu chimene mlongo wamkulu sachita, n'kumuuza zonse, kuyambira pa Edina mpaka pa kavidiyo. Sauda sanakuwe. Anapitiriza kupala nsomba ija mpaka kuiboola.

"Ndiye amayi andiitana?"

"Si amayi. Ndi mawu awo chabe."

"Achimwene, inu mukudziwa kuti sindinawatsanzike. Ndinali kumsika."

"Ndikudziwa. Koma usayankhe, Sauda. Olo alire."

Kuitana kunayamba madzulo omwewo. Mphepo itatha, fungo la matope linalowa pakhomo, ndipo kuchokera kumabango kunabwera mawu amene tonse tinkawadziwa, a mayi amene anatiphikirapo tiyi tonsefe. "Saudaa. Iwe Sauda." Sanali okalipa. Anali a munthu wotanganidwa amene akufuna mbale. Oyandikana nawo tinatseka zitseko. Ayuba anamuveka mlongo wake mahedifoni n'kumulizira nyimbo za pafoni mokweza, koma Sauda anati akuwamvabe, akumveka m'mano.

Zinapitirira choncho madzulo ndi madzulo. Anayesa kumutumiza kwa azakhali awo kwa Kuntumanji, mawu aja anakamupeza komweko, anabwerera. Ashehe anabwera kudzawerenga dua, tsiku limenelo kunali zii, mawa lake anayambiranso. Ayuba anaimbira Akulu, foni sinayankhidwe. Anatumiza uthenga wopepesa, woti atenge nyimbo zonse, atenge dzina, atenge ulendo wa ku Blantyre. Yankho linali lofatsa ngati kale. Akulu anati nyimbo yoitana siitha popanda woyankha, ndipo mpata wa yankho ausiya kale.

Sauda anayamba kufooka. Ankakhala pamphasa atadziluma mlomo mpaka magazi, misozi ikutsika. Mawu aja nawo anasintha. Analeka kufuna mbale, anayamba kudandaula ngati mmene Asiyatu ankachitira masiku ake omaliza, mpweya ukuchepa. Madzulo ena Sauda anachotsa mahedifoni n'kuwaika pansi bwinobwino.

"Achimwene, ndatopa. Mayi anga akundiitana, ine ndili duu ngati mwana wamwano."

"Pirira lero lokha."

"Dzulo munatero."

Ayuba anaona kuti mlomo wa mlongo wake wayamba kutseguka. Anamugwira pakamwa ndi dzanja, n'kuitana mkazi wa nyumba yoyandikana kuti adzamugwirire, osamusiya ngakhale alume. Kenako anavala kofia yake, anatuluka, anayenda mpaka pachitsa paja. Kunali kusanade kwenikweni, ndipo ena tinamuona kudzera m'mipata ya mipanda. Mawu aja ataitananso, iye anayankha mofatsa, ngati mwana amene ali pakhomo pomwepo.

"Sauda watopa, amayi. Ndabwera ine."

Achule analeka kulira. Ayuba anakhala pansi, anatsamira chitsa, mutu n'kugwera pachifuwa. Kuchokera tsiku limenelo kumabango sikunamvekenso dzina la munthu. Sauda ali moyo mpaka lero, amagulitsa nsomba mumsika wa ku Zomba, koma ukamuitana uli kumbuyo kwake satembenuka, olo masana.

Tinamusambitsa Ayuba m'mawa, tinamukulunga m'nsanda, tinamuswalira. Pochoka pakhomo amuna tonse a m'mudzi tinali pa jeneza, chonyamulira maliro chija, Asilamu ndi Akhristu omwe, poti anali mwana wa tonse. Mwambo wake mukuudziwa: munthu sanyamula nthawi yaitali, umalowetsa phewa, umayenda pang'ono, mnzako n'kukulanda, iwe n'kubwerera kumbuyo kukalowanso. Anthu amangozungulira ngati madzi. Azimayi anatsalira pamalire a bwalo, ndipo Sauda anaima patsogolo pawo, foni ya mchimwene wake ili m'manja. Anafufuza dzina lija loti Akulu. Anaimba.

Inalira pakati pathu. Osati kumabango, osati kutali. Pansi pa jeneza pomwepo, m'thumba la mmodzi mwa ife, kanyimbo wamba ka foni yotchipa. Inalira pang'ono, dzanja lina n'kuizimitsa, ndipo mapewa anali atasinthana kale. Sauda anakuwa kuti tiime. Ine ndinali nditagwira kutsogolo, ndinamumva bwinobwino, ndipo sindinacheuke. Palibe anacheuka. Maliro saima panjira, tinatero mumtima, koma zoona zake n'zakuti aliyense ankaopa nkhope imene angaione, poti ikanakhala ya malume ake, kapena ya amene amaswali naye mzere umodzi.

Tinamuika Ayuba, tinathira dothi, tinabwerera pakhomo. Anatibweretsera madzi osamba m'manja ndi mpunga m'mbale zazikulu. Tinakhala mozungulira, mawondo akugundana, wina aliyense maso ali pambale. Ndipo tonse tinadya.