Mwala Umene Unakana Kulira

Tsiku loyamba anakangana chifukwa cha pensulo.

Mtsikanayo onse mu labotale ankamutcha Khutu, poti ndiye ankamata timakutu ta makina pamiyala. M'mawa umenewo anapeza mnyamata wachilendo akulembera pensulo yake, ndipo anamulanda asanamupatse n'komwe moni. Pensulo ija sinali yolembera ayi. Ankathyolera nsonga yake pamwala, kompyuta ikamva kaphokosoko ndiye kuti timakutu tonse tili bwino.

Mnyamatayo anapepesa uku akuseka. Anali wofufuza watsopano, wobwera kudzaphunzira mmene miyala ya m'migodi imang'ambikira ikapanikizidwa. Anabwera ndi bokosi la miyala makumi awiri, yodulidwa bwino ngati zitini.

Ntchito yawo inali yofatsa. Khutu ankamata timakutu, kuthyola nsonga ya pensulo, kujambula mwalawo atagwirizira rula pambali pake, kenako kuulowetsa m'makina opanikiza. Mwala usanasweke umayamba walira kaye mkati, timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo kulira kulikonse kumaoneka pakompyuta ngati kadontho. Awiriwo ankakhala phee pabenchi limodzi, kuyang'ana madontho akuchuluka. Nanga anthu okhala phewa ndi phewa miyezi inayi, inu mumayembekezera chiyani?

Pamwala wachisanu mnyamata anayamba kubwera ndi makapu awiri a tiyi. Pofika pa wakhumi, foni ya Khutu inali isakupuma.

"Khutu langa lokoma, iwe mtima wanga umaumva popanda waya."

Khutu anamuyankha kuti asiye bodza, koma uthengawo sanafufute. Kunyumba achemwali ake ankamuseka kuti ndi liti munthu anayamba kudzola mafuta onunkhira popita kokaswa miyala. Iye ankangomwetulira. Ankamukonda mnyamatayo, kumukonda kwenikweni.

Lachinayi lina, kutatsala mwala umodzi, mnyamata anamutumizira pafoni chithunzi cha mphete ya kamwala kobiriwira.

"Womalizawu tidzaswa awiri, ine ndi iwe basi. Ukadzangosweka, iyi idzakhala pachala chako."

Khutu anaukulunga mwalawo m'kansalu n'kuuika pashelefu yapamwamba. Loweruka mnyamata anati sakumana, akupita kukaona mayi ake amene sakupeza bwino. Khutu anawatumizira mafuno abwino.

Lolemba anavala diresi yatsopano mkati mwa chijasi chake choyera. Anamata timakutu, anathyola nsonga ya pensulo, kompyuta inamva. Makina anayamba kupanikiza.

Mphamvu inafika pa khumi, pamene miyala ina yonse inkayambira kulira. Zii. Inafika pa makumi atatu, makumi asanu, kompyuta ili mbee, popanda kadontho ngakhale kamodzi. Itangodutsa makumi asanu ndi limodzi, madontho anakhuthuka nthawi imodzi.

Mnyamata anafulumira kunena kuti mwina guluu sanagwire. Khutu anaimitsa makina. Zaka zisanu ndi chimodzi pantchito imeneyi zinamuphunzitsa chinthu chimodzi: mwala umakumbukira. Ukapanikizidwapo kale, sulira mpaka mphamvu itapitirira pamene inalekezera ulendo woyamba. Ndiye kuti wina anaupanikiza mwalawu mpaka pa makumi asanu ndi limodzi, n'kuubwezera m'kansalu. Ndani, poti makiyi a chipindacho anali ndi iye ndi mnyamatayo basi?

Anatsegula zosungidwa m'kompyuta. Makina aja amasunga okha chilichonse, ndipo mnyamata, wozolowera kuti zonse amamuchitira Khutu, sanaganize zofufuta. Loweruka masana, mwala nambala 20. Chithunzi chinalipo. Rula anaigwira mopendekera, zoonekeratu kuti ndi munthu wosadziwa ntchito. Dzanja linali la mkazi, zikhadabo zopenta, ndipo pachala panali mphete ya kamwala kobiriwira.

Mnyamata anayamba kufotokoza, mawu akumuthawa. Ati mkaziyo anangofuna kuona mmene makina amagwirira ntchito, ati anaimitsa msanga kuti mwala usasweke, ati ndi nkhani ya ukwati ya kalekale imene makolo anakambirana, ati lero lomwe amafuna kumuuza zonse.

"Mayi anu akupeza bwanji?" anafunsa Khutu mofatsa.

Mnyamata anaweramitsa mutu.

Mtima unamupweteka Khutu. Koma sanakuwe, sanatukwane. Anamatula timakutu kamodzikamodzi, kutipukuta, kutibwezera m'kabokosi kake. M'buku la ntchito analemba ndi dzanja lake laukhondo lija kuti mwala nambala 20 unapanikizidwa kale, zotsatira zake sizingagwiritsidwe ntchito.

"Khutu langa, ndimvere kaye."

"Ndamva kale. Mwala wanena zonse."

Anakoleka chijasi pamsomali. Diresi yatsopano ija inaonekera bwino, ndipo apa m'pamene misozi inatsika. Atafika pakhomo anabwerera, natenga pensulo yake patebulo.