Mlonda Amene Anamanga Mawu a Bambo

Kachizindikiro kaja panalibe. Injiniya anayang'anitsitsa pakona ya sikirini pomwe kankakhala masiku onse, kamaikolofoni kofiira, koma panali pululu. Anazimitsa laputopu n'kuyiyatsanso. Zizindikiro zina zonse zinabwera n'kukhala m'malo mwake ngati ana a sukulu pamzere. Kofiira kokha sikanabwere.

Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo ake ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lomwe anawakonzera wailesi ya m'shedi yawo yopalira matabwa. Kunena zoona, kukonzako kunali kungotembenuza mabatire omwe anaikidwa mozondoka, koma dzinalo linakakamira. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali mlembi wa kalabu ya makompyuta kusukulu, ndipo anzake foni ikawavuta ankathamangira kwa iye. Zimenezi zinkamukomera kwambiri, mwina mopitirira muyeso.

M'kachizindikiro kofiirako munali mawu a bambo ake. Chaka chapitacho madokotala anawauza kuti matenda awo a pakhosi afika pofunika opaleshoni, ndipo kuti pambuyo pake mawu sadzatulukanso. Bamboyo sanalire. Anangopempha mnzawo kuti awaikire kapulogalamu kojambulira mawu mu laputopu ya mwana wawo. Masana aliwonse kwa sabata ziwiri ankadzitsekera m'shedi, pakati pa utuchi ndi mipando yosamaliza, n'kumalankhula okha. Anasiya mauthenga awiri. Wina anaulemba kuti "Wa Injiniya", winawo "Wa amake Injiniya". Patapita miyezi inayi anamwalira.

Wake uja Injiniya anaumvera kambirimbiri. Koma wa amayi ake unali usanatsegulidwepo.

"Ndidzamvera mtima ukadzakhala m'malo," ankatero amayiwo, maso ali pa yunifolomu yomwe ankasoka. "Mmene uli mmenemo suthawa. Ungondisungira bwino."

Vuto linayamba dzulo lake. Injiniya atakopera mapepala a mayeso akale pa intaneti, laputopu inayamba misala. Masamba otsatsa malonda ankangotseguka okha, lina la nsapato, lina lomuuza kuti wapambana foni. Kukalabu anali ataphunzira kuti zoterezi zimabwera ndi timapulogalamu taukazitape, tomwe timalowa mozemba n'kumasuzumira zomwe munthu akuchita. Mankhwala ake ndi pulogalamu yotigwira, yomwe aphunzitsi awo ankangoitchula kuti mlonda. Injiniya anaika mlondayo. Koma mlondayo anali wamafunso. Akangopeza kanthu, kabokosi kankatulukira pa sikirini: ichi ndichilole kapena ndichichotse? Atafunsidwa kakhumi, mtsikanayo anatopa nazo. Anatsegula pomwe pamakhala malamulo a mlondayo n'kudina timabokosi tonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, osawerenga mzere ndi umodzi womwe. Ukali wake anaukweza mpaka pamapeto, ndipo lamulo loti azifunsa kaye asanachotse chinthu analizimitsa. Masamba amalonda aja anatheratu, iye n'kudziombera m'manja.

Lero ndi izi, mawu a bambo ake asowa.

Anayamba kusaka. Analemba dzina la kapulogalamuko posakira, sikanapezeke. Anatsegula bini ya mu kompyuta, munali zithunzi zakale zokhazokha. Anafufuza mafoda onse limodzilimodzi mpaka maso anayamba kuwawa. Zoti mwina mlonda yemwe anamuika yekha ndiye wachita zimenezi sizinamubwerere n'komwe. Iye ankaganiza kuti akazitape aja ndiwo adya mauthengawo, choncho anatuma mlondayo kuti asese kompyuta yonse, katatu konse. Katatu konseko mlondayo anayankha ndi chizindikiro chobiriwira kuti zonse zili bwino. Kenako anapeza kapulogalamu kojambulira kaja pa intaneti n'kukaikanso. Kanatseguka mkati mulibe kanthu, ndipo pasanathe mphindi zisanu nakonso kanasowa.

"Injiniya!" amayi ake anaitana kuchokera pabalaza, makina osokera atasiya kulira. "Wangoti zii kuchipindako, kwagwanji?"

"Palibe, amayi. Ndikuwerenga."

Bodzalo linatuluka mosavuta moti iye mwini anachita mantha. Chomwe chinkamuwawa kwambiri chinali fulashi yomwe inali patebulo pompo. Aphunzitsi ankanena mpaka kusasa mawu kuti chinthu chofunika chizisungidwa malo awiri. Injiniya ankafuna ndithu kukopera mauthengawo, koma fulashiyo inali yodzaza nyimbo ndi mafilimu, ndipo tsiku lililonse ankati adzachita mawa.

Panjira ya kusukulu panali kashopu kokonzera makompyuta. Ankadutsapo m'mawa ndi masana, laputopu ili m'chikwama kumsana. Kawiri konse anaima pakhomo pake, koma sanalowe. Injiniya wathunthu, mlembi wa kalabu, akalowe n'kunena kuti walephera? Nanga nkhaniyo ikakafika kwa amayi ake? Ankabwerera kunyumba n'kukayesa zina zomwe wawerenga pa intaneti, kuika ichi, kuchotsa icho. Chakudya chinasiya kukoma. Amayi ake atafunsa chifukwa chomwe sakumvanso mawu a bambo ake akutuluka kuchipinda kwake, anayankha kuti chaja ikuvuta. Masabata asanu anatha chomwecho.

Lachinayi masana anapeza amayi ake atakhala pakhonde, m'tsitsi muli timautuchi.

"Lero ndatsegula shedi ya bambo ako," anatero. "Ndasesamo monse, ndapukuta zida zawo, ndipo sindinalire. Ndikuona ngati tsopano ndingathe. Loweruka sindisoka. Udzandiyatsire laputopu ija m'mawa, ndimve zomwe anandisiyira."

Anamwetulira, kumwetulira komwe Injiniya anali asanakuone chimwalirire bambo ake. Mtsikanayo anangogwedeza mutu n'kulowa m'nyumba msangamsanga.

Lachisanu ataweruka analowa m'kashopu kaja. Kanali kachipinda kopapatiza, pakati pa saluni ndi sitolo ya utoto. M'mashelufu munali makompyuta otsegulidwa mimba, mawaya akulendewera, ndipo munkamveka fungo la pulasitiki wopserera. Wokonzayo anali mayi wachitsikana wovala magalasi, sikuludiraiva yaing'ono ataisomeka m'tsitsi ngati pensulo.

"Asisi, mundithandize," anatero Injiniya. "Akazitape andidyera mafayilo."

"Khala pansi kaye, mwanawe. Undiuze zonse kuyambira pachiyambi. Usasiye kanthu, ngakhale chomwe ukuchiona ngati chopusa."

Injiniya anafotokoza. Atafika pa nkhani yodina timabokosi tonse, wokonzayo anakweza nsidze koma sanamudule. Anakokera laputopuyo pafupi, n'kutsegula pomwe mlondayo amalemba zonse zomwe wachita tsiku ndi tsiku. Injiniya anali asanadziwe n'komwe kuti malo oterowo alipo.

"Taona apa," anatero wokonzayo, akuloza ndi chikhadabo. "Akazitape ako aja anagwidwa tsiku loyamba lomwe, anali atatu okha. Wachinayi pamndandandawu ndi kapulogalamu ka bambo ako."

"Koma si kazitape ayi!"

"Iwe ukudziwa, mlondayu sadziwa. Kapulogalamu aka kamayatsa maikolofoni kompyuta ikangoyaka, ndiye kwa iye ndi munthu womvetsera pazenera. Akanakufunsa, iwe ukanamuuza kuti ameneyu ndi wapakhomo, n'kumulemba pamndandanda wa ololedwa. Koma unamutseka pakamwa. Ndiye anangonyamula foda yonse, ndi mauthenga omwe, chifukwa kapulogalamuka kamasunga zojambula zake mufoda momwemo."

"Anapita nazo kuti?"

"M'chitokosi. Mlonda aliyense amakhala ndi kachipinda kotsekeramo zomwe wazikayikira. Safufuta pomwepo, amadikira mwini wake abwere kudzaziwombola."

Injiniya anadzuka pampando. "Ndiye kuti zilipo! Asisi, zilipo eti?"

Wokonzayo anadina kawiri, chitokosicho n'kutseguka. Munali mopanda kanthu. Anabwerera ku malamulo aja n'kuwerenga mzere uliwonse pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Kenako anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Kabokosi aka kamati zomwe zakhala m'chitokosi masiku makumi atatu zifufutidwe. Aka kapansipa kamati pofufutapo alembepo zina pamwamba pake kuti zisadzapezekenso. Tonse tiwiri unatidina." Anayang'ana pa kalendala yomwe inali kukhoma. "Masiku makumi atatu anakwana Loweruka lathali."

"Loweruka lomweli?"

"Lomweli. Ukanabwera sabata yatha, kunali kungodina apa kamodzi basi, n'kubwerera kwanu ukumvera."

Injiniya anakhalanso pansi. Wokonzayo sanafune kumusiya choncho. Anasomeka fulashi yake yokhala ndi pulogalamu yofukula zofufutidwa, n'kuisiya iyende. Kwa ola lathunthu ndi theka awiriwo anayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini. Makasitomala awiri anabwera, wokonzayo n'kuwauza kuti abwerenso mawa. Pamapeto pake pulogalamuyo inatulutsa zithunzi zong'ambika, theka la nyimbo ndi mapepala a mayeso aja. Mawu a bambo ake panalibe.

"Ndayesa, mwanawe. Pepa."

Apa Injiniya analira, osasamala za anthu a mu saluni omwe ankamva kuseri kwa khoma. Atatonthola pang'ono anati, "Asisi, amayi akabwera kudzafunsa, simungawauze kuti laputopu yangoonongeka yokha?"

"Zimenezo ayi," anatero wokonzayo mofatsa, akutseka laputopuyo n'kumupatsira. "Sindidzawatsata kukawauza. Koma akandifunsa, ndidzawaonetsa zomwe ndakuonetsazi."

Panjira Injiniya analikonza bodzalo bwinobwino. Akanati ndi akazitape. Amayi ake za makompyuta sankazidziwa, ku shopu kuja sakanapitako, ndipo akanamukhulupirira monga ankamukhulupirira nthawi zonse. Pofika pageti anali ataloweza mawu onse.

Pabalaza anapeza nsalu zonse zitapindidwa, makina osokera ataphimbidwa. Patebulo panali kasipika kakuda kokhala ndi chingwe chachitali.

"Ndabwereka kwa aneba," anatero amayi ake, akukapukuta ndi kansalu. "Ka laputopu yakoyo kamalankhula motsitsa, ndipo bambo ako mawu anali atayamba kale kusasa. Sindikufuna liwu lililonse lindidutse. Kalowa koma? Tayesa tione."

Anamupatsira chingwecho. Injiniya anachiyang'ana, n'kuyang'ana dzanja la amayi ake lomwe linali ndi zipsera za singano, ndipo mawu onse omwe analoweza aja anamuthawa. Anagwada pansi, chikwama chikadali kumsana.

"Amayi, mauthenga aja kulibe. Ndawafufutitsa ndine."

Anafotokoza zonse: timabokosi tomwe anadina osawerenga, fulashi ya mafilimu, bodza la chaja, kashopu komwe ankakadutsa tsiku lililonse, ndi masiku makumi atatu aja. Sanasiye kanthu. Amayi ake anamvetsera ataima, kenako anakhala pampando pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Sanakalipe. Injiniya ankalakalaka atakalipa.

"Masabata asanu," anatero pamapeto pake. "Tikudyera patebulo limodzi, iwe ukudziwa."

"Ndinkaopa, amayi."

"Ukanandiuza tsiku lomwelo ndikanakukalipira, inde. Mawa lake tikanapita limodzi kwa wokonzayo."

Kunja ana a aneba ankathamangitsana, wina akuseka mokweza.

"Wanga uja unaumverako?" amayiwo anafunsa motsitsa, ndipo m'mawu awo munali kachiyembekezo komwe kanamulasa Injiniya mumtima. "Ngakhale pang'ono pokha? Sindikwiya."

"Ayi, amayi. Unali wanu. Sindinautsegulepo."

Amayiwo anagwedeza mutu. "Unali wautali bwanji?"

"Mphindi makumi anayi ndi ziwiri. Zinkaoneka pambali pa dzina lake."

"Makumi anayi ndi ziwiri!" Anaseka pang'ono, misozi ikutsikira m'masaya. "Zaka makumi awiri ndakhala ndi munthu ameneyu, sanandilankhulepo mphindi zisanu zotsatizana. Ndikamufunsa kanthu ankangoti tiona, n'kubwerera ku matabwa ake. Ndiye mphindi zonsezo, mwana wanga, ankandiuza zotani?"

"Sindikudziwa, amayi."

Amayiwo anatenga kasipika kaja n'kuyamba kukulunga chingwe chake mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka chinatha chonse.